Mafupa a m'munda mwa apongozi

Mpaka lero ndikapita ku Magodi, alamu anga akandiona ndagwira khasu amayamba kutsokomola. Si chifuwa ayi, amakhala akubisa kuseka. Mlandu wake ndi uwu.

M'zaka za m'ma 1990 ndinkaphunzitsa mbiri yakale pasukulu ina kumeneko, ndipo ndinali nditangokwatira NyaZimba, mwana wa m'mudzi momwemo. Ku koleji tinkawerenga zolemba za mayi wina, dokotala wa zofukulafukula, amene anatha zaka zambiri akukumba m'mapanga ndi m'mabwinja, kufufuza za anthu amene anakhalako zolembalemba zisanabwere. Aphunzitsi athu ambiri anadutsa m'manja mwake. Ine ndinkamutchula kawirikawiri kuposa mkazi wanga (anatero NyaZimba, si ine).

Apongozi anga aamuna, a Zimba, anandipatsa kamunda kuseri kwa khola kuti ndidzalemo mtedza. Tsiku lina ndikuzula chitsa, khasu linagunda chinthu cholimba. Ndinafukula ndi manja. Panatuluka fupa lalitali ngati mpini, kenako nthiti, kenako kachitsulo kadzimbiri kophwanyika. Mtima unangoti phaa! Ndinakwirira msanga n'kuikapo minga.

Munthu wanzeru akanafunsa mwini munda. Koma mkamwini watsopano sangoyamba nkhani ndi apongozi chisawawa (komanso, kunena zoona, ulemu wake sindinkafuna kugawana ndi munthu). Ndinalemba kalata ya masamba anayi, n'kupalasa njinga mpaka kuboma kukaiponya. Ndinauza adokotalawo kuti ndapeza chinyama chamakedzana pamodzi ndi chida cha anthu oyamba kusula chitsulo. Mawu akuti "mosakayika" ndinawalemba katatu.

Patatha miyezi iwiri yankho linabwera: anali ndi ulendo wa ku Chipata, ndipo adzapitiriza mpaka kwathu kudzaona. Ndinauza ana asukulu onse. Ndinauzanso a hedimasitala, amene anaimitsa maphunziro pa tsiku lofika mlendoyo.

Adokotala anafika atakwezedwa panjinga kuchokera kuboma, mayi wamfupi waimvi, chitenje atamanga pamwamba pa thalauza. Anagwada padzenje, n'kuyamba kusesa dothi ndi kaburashi pang'onopang'ono, ana ndi anthu a m'mudzi atatizungulira. Ine ndinaima pambali, tayi m'khosi, ndikulifotokozera khamulo za makolo akale.

Amayiwo anatembenuza fupa limodzi, n'kundikodola. Ananong'ona kuti ndimve ndekha: "Aphunzitsi, khola ili lakhala pano nthawi yaitali eti?"

Ndisanayankhe, anthu anapereka njira. Anali apongozi, akuchokera kudimba. Anapereka moni kwa mlendo, "Monile amama," kenako maso awo anagwera pa kachitsulo kamene kanali m'manja mwanga. Anakatenga n'kukapukuta ndi malaya awo.

"Asambizgi," anatero, poti ndi mmene ankanditchulira m'Chitumbuka, "mwamudzutsa Bantomu?"

Bantomu inali ng'ombe yawo yolimira, ndipo chida changa cha anthu oyamba kusula chinali belu la m'khosi mwake. Anafotokoza kuti ng'ombeyo ndi imene inakoka ngolo kupita ndi malemu akazi awo kuchipatala tsiku limene NyaZimba anabadwa, mvula ikukhuthuka, matope akufika m'mawondo. Itafa ndi ukalamba anakana kuti idyedwe. Anaikwirira okha, anthu akuwanena kuti mutu wazungulira.

Ana anaphulika kuseka. A hedimasitala anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Ine ndinalakalaka andikwirire momwemo, pambali pa Bantomu.

Adokotala okha sanaseke. Anakhala pansi pafupi ndi a Zimba, n'kuwaonetsa fupa la mwendo.

"Apa panali potupa. Inkatsimphina, si choncho adada?"

Apongozi anawayang'anitsitsa, misozi ikulengeza. "Mwendo wakumanzere. Inavulala tsiku lomwe lija, koma sinaime. Mwadziwa bwanji amama?"

"Ndiyo ntchito yanga," anayankha. "Zaka zonsezi ndafukula mafupa opanda wowatchula dzina. Lero ndakumana ndi ena amene mwini wake alipo."

Tinabwezera mafupawo m'dzenje atatu tonse, limodzilimodzi, adokotala akuwayala mmene anagonera. Belu lija apongozi anapatsa NyaZimba, amene nkhani ya kubadwa kwake anali asanaimvepo. Analifumbata ndi manja awiri.

Pokwera njinga, amayiwo anandigwira dzanja. "Diso muli nalo, musalitaye. Koma ulendo wina, musanalembere wakutali, yambani mwafunsa amene ali pafupi."

Kufunsa ndinaphunzira, ngakhale si kwenikweni. Chimene ndinapindula ndi china. Kuyambira tsikulo apongozi anasiya kundipatsa moni wa patali. Ankabwera kumunda, kukhala pachitsa, n'kumandisimbira nkhani mpaka dzuwa kufika pamutu. Dzina la asambizgi linathera pomwepo. Ankangofuula ali kukhola kuti, "Mbusa wa Bantomu, bwerani kuno!" Ndipo ine, mphunzitsi wa mbiri yakale, ndinkasiya khasu n'kuthamanga.