Chikopa cha mbuzi paukwati wa Tiyamike

Mpaka lero mayi akunyumba akangomva fungo la mbuzi amatembenukira kwa ine.

Mwana wa mlongo wanga, Tiyamike, namwino ku Indianapolis, anapeza mwamuna amene makolo ake anachokera ku Scotland. Kwawoko amuna amavala siketi paukwati (musaseke, ndi mwambo wa eni ake), ndipo kutsogolo kumalendewera kachikwama kachikopa, poti siketiyo ilibe matumba. Ine monga malume ndinali woti ndimuperekeze mwanayo kuguwa. Anandipempha chimodzi chokha: "Malume, please, musakandi-embarrass-e pamaso pa apongozi."

Bambo a mkwati anandibwereka siketi, nati andipatsanso kachikwama. Ndinakana. Munthu woti ndinakula ndikukunga ng'oma ku Ntcheu, ndikapemphe chikopa kwa mzungu?

Kusitolo ya zikopa kuno ku South Bend anandionetsa cha ng'ombe, chofufuta bwino. Ndinachigogoda ndi chala monga timayesera cha ng'oma. Zii. Chikopa chosalira ndi chikopa chanji? Ndinatuluka ndikupukusa mutu.

Kufamu kumene Amalawi timagulako mbuzi anandipatsa chikopa chongosenda kumene (anachita kufunsa kawiri ngati ndikuchifunadi). Ndinachipala, kuchiwaza mchere, n'kuchikhomera pathabwa m'garaja. Munali mu Januwale. Posakhalitsa chinali gwa, ndikachigogoda n'kumalira bwinobwino, ine n'kuti chauma. Ndinachidula, kuboola ndi msomali, n'kusoka ubweya uli kunja. Popita ku Indianapolis kachikwamako kanakwera kubuti.

Abale anga, chikopacho sichinaume. Chinangoundana ndi chisanu cha kuno cha mu Januwale, ngati nkhuku ya mufiriji.

Ndinakavalira pakhomo la tchalitchi, koma m'katimo munali mofunda. Pamene limba linkayamba, kachikwama kanali katafewa. Titayenda pang'ono kanayamba kudonthera pamawondo anga. Kenako fungo. Tiyamike anabisa mphuno m'maluwa, anthu n'kumati mkwatibwi akulira ndi chimwemwe.

"Malume, chafa n'chiyani?" anandinong'oneza.

Ndinamuuza kuti aziyang'ana kutsogolo.

Zikanathera pomwepo, koma azungu ndi agalu awo. Mphete zaukwati anali atazimangirira m'khosi mwa galu wa mkwati, chigalu chotalika ngati thole. Atamumasula kuti apite kwa mbuye wake, iye analunjika kwa ine. Analuma kachikwama n'kuyamba kukoka. Dzanja limodzi ndagwira mkwatibwi, lina ndagwira siketi, chifukwa lamba wa kachikwamako ankatsika nayo, ndipo dzanja limodzi silinkakwanira. Ndinayenera kusankha. Ndinasiya mwana.

Lamba ataduka, galu anathawira panja, kachikwama kukamwa, mphete m'khosi. Amuna amasiketi anamuthamangitsa m'chisanumo, abusa akungodikira, Tiyamike ataima yekhayekha pakati pa tchalitchi. Bambo a mkwati ndiwo anadzuka mwaulemu, kumugwira dzanja n'kukamufikitsa kuguwa. Zinandipweteka, ndisaname. Ntchito imene mlongo wanga ananditumira kuchokera kumudzi ndinaionerera ndili pampando wakumbuyo, mpando wonse uli wanga ndekha.

Tiyamike anandikhululukira, ngakhale zinatenga nthawi. Pano ali ndi mwana, ubatizo uli mu Julaye, ndipo amuna akuchimuna adzavalanso masiketi awo. Wandiimbira foni kundiuza kuti ine ndidzabwere mu suti, ndipo wandilumbiritsa.

Koma inu mukudziwa kuti kuno mu Julaye dzuwa limawomba ngati la kwathu. Kufamu ndawauza kale kuti andisungire cha tonde.