Mvuu ya m'chitsime cha apongozi

Mpaka lero munthu akandiuza zokapuma kumapiri ndimalavula. Bola ndikufotokozereni ndekha, poti kuno ku Kobwe aliyense nkhaniyi amaidziwa, ndipo amaithira mchere wambiri.

Anali masiku a Kampani ya azungu ija inkalamulira dziko lino, nyengo ya mwera, nyanja itakwiya, mabwato onse ali pamtunda. Malume anga a Chikoko, amene anakwatira kumtunda kupitirira Maniamba, anatuma mawu: "Bwera udzapume kuno. Ndakuonera mbeta, dzina lake Lusiya, koma makolo ake akufuna aone kaye khalidwe lako." Ine mtima dyokodyoko. Ndinamanga mtolo wa usipa wouma, nsalu yanga yoyera yopita nayo kutchalitchi, ndi kachidutswa ka sabau, sopo amene, kamene ndinkakasunga ngati mankhwala. Ndinadzera njira zakutchire pozemba asipayi, asilikali a Kampani ogwira anthu ukaidi wonyamula katundu, kuopa kuti mpumulo wanga ungathere pansi pa machila a mzungu.

Abale anga, dziko lija! Udzu wokhawokha, miyala, nkhungu, mphepo yolowa mpaka m'mafupa. Maso kufunafuna madzi, osawaona. (Amati mpweya wakumeneko umachiritsa. Ine unangonding'amba milomo.)

Koma nditamuona Lusiya akupeta chimanga pakhomo, ndinawakhululukira mapiri onse. Iyenso anandiba ndi diso n'kumwetulira. Usipa uja unalandiridwa ndi manja awiri. Malume anati, "Zayamba bwino, mphwanga. Atsala amayi ake. Ukawaona panjira upatuke, asakuone ngakhale bondo."

Vuto linali kusamba. Kwathu munthu ukadzuka umangolowa m'nyanja. Timamwa momwemo, kusamba momwemo, kuchapa momwemo, nyanja siidandaula. Kumtunda kuja ankandipatsa timadzi ta m'chikho, ati sukusulani. Ine mwana wa msodzi? Posakhalitsa ndinayamba kumva ndekha fungo la usipa ndinabwera nawo uja. Ndiye m'mawa wina, osauza munthu, ndinatenga sabau wanga n'kutsikira kudambo kukasaka madzi.

Ndinawapeza. Kadziwe pakati pa miyala, madzi oyera mbee, kotchingidwa ndi minga bwinobwino, pambali atapachika chikho. (Inde, ndikudziwa. Wanzeru akanadzifunsa za chikhocho. Ine ndinati ndi chodzithirira kumsana, ndipo ndinawayamikira eni mudzi chifukwa cha ulemu wawo.) Ndinayanika nsalu pachitsamba chapatali kuti isanyowe, n'kulowa. Kuzizira kwake, mayo! Komabe ndinadzipaka sabau mpaka thovu linadzaza kadziwe konse, matope apansi nawo n'kuvunduka.

Ndipamene ndinamva mawu a amayi akutsika ndi mitsuko. Kusuzumira chonchi, patsogolo pali amayi ake a Lusiya. Nsalu ili uko. Pobisala palibe, dziko lija ndi dazi lenileni. Ndinachita chimene msodzi amadziwa: ndinakoka mpweya n'kugona pansi pa madzi. Khoka likakodwa pamwala ndine ndimamira kukalimasula, ndiye ndinati zazing'ono izi, atunga apita.

Sanatunge. Anaima n'kumakambirana za thovulo! Chifuwa changa chinayamba kutentha. Kenako chikho chija chinatsika, go! pamutu panga. Chinabweranso, go! go! ngati munthu woyesa dzungu ngati lakhwima. Ndinalephera kupirira, ndinavuuka, phwaa!

Mitsuko inasweka pomwepo. Ena anathawa akukuwa, "Mvuu! Mvuu!" Apongozi okha sanasunthe. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka pamene madzi analekezera, ndipo madziwo, abale, sanali akuya.

"Ndinu mlendo wa a Chikoko?"

"Ndine, amayi."

"Mwasamba bwino?"

"Ndasamba, amayi." (Ndikanati chiyani?)

"Zikomo. Nanga ife timwa chiyani?"

Chinali chitsime chokhacho cha mudzi wonse m'chilimwe. Amuna anachikapa tsiku lonse, ine ndemwe ndili pakati pawo ndi nsalu yanga yakutchalitchi, koma fungo la sabau linakana kuchoka. Ngakhale mbuzi zinkanunkhiza n'kubwerera. Akazi anayamba kukatunga kudambo lina kuseri kwa phiri, Lusiya nayenso mtsuko pamutu, ndipo podutsa sanandibenso ndi diso.

Malume anayesetsa kundipepesera. Anati mwanayu si wamwano, kunyanja ndi mmene amachitira. Apo ndiye anaononga zonse. Apongozi anati, "Ndiye kwawoko onse ndi otero? Mwana wanga azikamwa madzi osambamo amuna? Ayi, akhale." Usipa sanabweze.

Ndinatsika mapiri ndekha, milomo yong'ambika, sabau atatha, dzina la Mvuu litanditsogolera kale kunyanja. Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ine ndinakamuka ndisanaume n'komwe.

Phunziro mukulifuna? Funsani posambira, basi. Koma chimene chimandiwawa mpaka lero si chimenecho. Lusiya anadzakwatiwa ndi wamalonda wina wa konkuno, nyumba yake ili kuseri kwa yanga. M'mawa uliwonse amatsikira kunyanja kudzatunga, pomwe ndimasambira ine pomwepo. Madzi ake ndi omwewo, amamwa, ndipo wanenepa bwino. Akandiona m'madzimo sapereka moni. Amangouza ana ake kuti, "Tungirani uko, mvuu ikusamba."