Anankafumbwe ndi Bungwe la Oganiza Mozama

M'dziko lina, kuseri kwa phiri lina, munali mudzi umene unadalitsika ndi anthu ophunzira kuposa mmene ukanathera kuwadyetsa. Aphunzitsi opuma, makalaliki opuma ndi alangizi opuma, onse atatopa ndi tauni, anabwerera kwawo n'kukhazikitsa Bungwe Lalikulu la Oganiza Mozama. Ife a mapepala timadziwana: tikakumana atatu, chinthu choyamba ndi kusankha wapampando.

Wapampando Wamuyaya anali a Kambalame, amene anaphunzitsa sayansi ya zamoyo ku sekondale zaka makumi atatu. Mlembi Wamkulu anali a Nedisoni Chidothi, munthu woonda, wa zolembera zitatu m'thumba la malaya, amene chikhalire sanadzutsepo mzere m'munda n'kuumaliza.

Vuto la mudziwo linali anankafumbwe, tizilombo tija timaboola chimanga. Bungwe linaitanitsa msonkhano pasukulu, ndipo a Kambalame analankhula maola awiri.

"Chilengedwe chimasankha," anatero. "Chofooka chimafa, choyenera chimatsala n'kubereka. Ndipo choyenera kuposa zonse ndi cha ubongo waukulu. Nankafumbwe mutu wake ndi wochepa kuposa njere ya mawere. Nkhondoyi tapambana kale."

Anagwirizana kuti aliyense adzale chimanga cha haibulidi, akakolola atonole, athire mankhwala a ufa, asunge m'matumba. Onse anaomba m'manja kupatula a Dafuleni, mlimi wamba wa m'mudzimo, amene anali m'tulo kumbuyo. A Dafuleni anabwereza Sitandade 1 kanayi mpaka aphunzitsi anawapempha kuti apume. Anali ndi ana khumi ndi mmodzi. Atalandira paketi yawo ya mankhwala anaiyesa feteleza n'kukathira m'maungu. Chimanga anadzala chomwe chija cha makolo, cholimba ngati miyala, n'kuchiponya m'nkhokwe ndi makoko omwe, chifukwa kutonola kunkawapweteka zala.

Chaka choyamba anankafumbwe anafa ngati mchenga. Bungwe linachita phwando, a Chidothi analemba masamba khumi ndi awiri. Koma pansi pa thumba lina anapezamo tizilombo tisanu tikuyenda bwinobwino.

A Kambalame anatiika m'botolo, nkhope ikuwala ngati munthu woona mdzukulu.

"Izi ndiye zija ndinkaphunzitsa. Pa tizilombo zikwi zambiri, kamodzi kamabadwa majini ake atasintha pang'ono, mwangozi chabe."

"Majini?" anafunsa Anagama, akazi a a Dafuleni, amene anabwera kudzabwereka sefa. "Ndiye bwanji osaitana abusa adzapemphere?"

"Si majini a mizimu, mayi. Ndi timalangizo ta m'thupi timene mwana amatengera kwa makolo. Kameneka mankhwala sakukapha. Anzake onse afa, ndiye chakudya chonse n'chake, ndipo ana ake adzatengera komweko."

"Nanga bwanji osangokapsinya ndi chala?"

A Kambalame anamwetulira mwachifundo. Nkhani yaikulu chonchi, anatero, imafunika komiti.

Komitiyo inakumana kasanu ndi kawiri. Misonkhano itatu inathera pa kukangana ngati tizilomboto tinganenedwe kuti taphunzira kapena tangochita mwayi. Wachinayi unakambirana za dzina la komitiyo. Pomaliza anagamula kuti chaka chamawa mankhwala athiridwe kawiri. A Kambalame anafotokoza momveka bwino kuti kuchita zimenezo kudzapha ofooka onse n'kusiya akamuna okhaokha kuti aswane, ndipo onse anavomereza kuti kufotokozako kunali kwapamwamba. Kenako anathira kawiri.

Pofika chaka chachitatu anankafumbwe ankayenda m'mankhwalamo ngati ana osewera pamchenga. Munthu ukaima pakhomo pa a Kambalame unkamva matumba akulira okha, tsetsetse, masana dzuwa likuswa mtengo. Disembala asanathe, m'matumba a Oganiza Mozama onse munatsala fumbi lokhalokha, lowawa, loti ngakhale nkhuku zinkalizungulira. Kwa a Dafuleni anankafumbwe analowako ndithu, koma makoko ndi kulimba kwa njere zinawagwetsa ulesi, anangodya pang'ono m'mbalimbali.

Njala ya Januwale siifunsa satifiketi. A Kambalame anayamba kumanga lamba pabowo limene anaboola okha ndi msomali. Mwana wawo mmodzi yekhayo anali kunja kwa dziko, akumaliza digiri yachitatu, ndipo anatumiza uthenga woti akuwaganizira kwambiri. Akazi a a Chidothi anapita kwawo kukaona odwala, ananyamula ndi mapoto omwe.

Tsiku lina m'mawa Bungwe lonse, anthu khumi ndi anayi, linafola pabwalo la a Dafuleni, ena atavala mataye. Eni khomo anali khale pampando, ana ndi adzukulu akuwakwera pamapewa. A Kambalame anayamba ndi mawu otsogolera, koma atafika pa mfundo yachiwiri Anagama anatuluka m'nyumba atanyamula makasu.

"Pepani aphunzitsi, dzuwa likukwera. Ganyu alipo, wobandira chimanga kudambo. Mizere makumi awiri, ndowa imodzi ya chimanga. Koma makasu ndi asanu okha."

"Ndiye tisankhe komiti yoti ione oyenera," anatero a Chidothi akusolola cholembera.

"Ndisankha ndekha. Tambasulani manja."

Anayenda pamzerepo akuyang'ana zikhatho ngati munthu wogula mbuzi. Anatenga kalaliki wina amene kale ankapalasa njinga kupita kuntchito, mayi wina amene anali namwino, ndi aphunzitsi awiri a zamasewera. Khasu lachisanu anapatsa a Kambalame.

"Inu manja anu ndi ofewa, koma munaimirira zaka makumi atatu pabolodi. Msana ulipo."

A Kambalame analandira khasulo ndi manja awiri. Akuti pa ulemu wonse umene analandirapo pa moyo wawo, uwu ndi umene unawatulutsa misozi.

A Chidothi anatsala. Anagama anawagwira chikhatho, anachitembenuza, anaona kachithupsa ka cholembera pa chala chapakati, n'kuchibweza mwaulemu.

"Bambo, inu kumudzi kuno simungakhalitse. Kayeseni kwina."

A Dafuleni, amene mpaka pamenepo sanamvetse kuti alendowo abwerera chiyani, anawapatsa zitsononkho ziwiri za chimanga kuti akazinge panjira.

A Chidothi anakwera matola tsiku lomwelo kupita ku tauni, kumene munthu wa manja otere amatha kukhala ndi moyo. Kumeneko anapeza malo owayenera, ananenepa, anagulanso cholembera chachinayi. Masiku ano amalemba m'nyuzipepala sabata iliyonse, kulangiza alimi akumudzi za kasungidwe kabwino ka chimanga, ndipo nkhani imene mwawerengayi ndi ya sabata ino.