Penate Yanga ya pa Chilumba

Anzanga, mukamandiona ndikukana kumenya penate ngakhale pa mpira wa ana, musamati ndi ukalamba. Zinayamba ndili Fomu 3 pa sekondale ina ku Nsanje, nthawi ija munthu sunkakwera ngakhale bwato wopanda khadi la chipani m'thumba.

Sukulu yathu inali ndi mpira wachikopa umodzi wokha, ndipo unkagona mu ofesi ya ahedi ngati khanda. Ndiye anyamata a sukulu ya pa chilumba china m'dambo la Shire anatiitana kuti tikasewere nawo, poti timu yopikisana nayo ankaisowa. Ndani angawoloke madzi onsewo chifukwa cha mpira? Ahedi anandipatsa mpirawo m'manja, ine kaputeni, n'kunena kuti, "Zuze, ukabwera wopanda mpira uwu, chitsa cha bwemba chili kuseri kwa kalasi chija udzazula wekha."

Ine ndinangoseka. Ndinali nditabwereka nsapato za mpira kwa msuweni wanga wa ku Chiromo, komanso mwendo wanga wamanja unkadziwika paboma ponse.

Tinafika matako ali chinyowere, bwato linkalowa madzi. Bwalo lakelo, abale inu! Kuseri kwa golo kunali bango pang'ono, kenako Shire. Mphunzitsi wa komweko, yemwenso anali woyimbira, anatichenjeza: "Akuluakulu, kuno mpira timasewera wapansi. Wam'mwamba nkhabe! Womenyera m'madzi amakautenga yekha." Ine mumtima ndinati awa angomva mbiri ya mwendo wanga, akuopa.

Anatizunguza ndi timipira tawo tapansipansi, opanda nsapato, mpaka anatichinya chimodzi. Chakumapeto tinapeza penate. Anzanga anandinong'oneza kuti, "Zuze, pang'onopang'ono." Koma m'mbali munali atsikana akuimba, ndiye munthu wovala nsapato yekha bwalo lonse angamenye bwanji pang'onopang'ono? Ndinabwerera m'mbuyo mpaka pakati pa bwalo, kuthamanga, phaa! Goloboyi sanadzivute n'komwe, anangotembenuka n'kuuperekeza ndi maso. Mpira uja pamwamba pa golo, pamwamba pa bango, chubwi!

Bwalo lonse maso pa ine. Ndinavula nsapato n'kulowa m'bangomo, matope mpaka m'chiuno, mantha ali tho, koma chitsa cha bwemba chikundibwerera m'maso. Nditangotsala pang'ono kuugwira mpirawo, chinthu choterera chinandikhudza pantchafu. Mayo ine! "Ng'onaaa!"

Momwe ndinatulukira sindikudziwa, koma kabudula anatsalira m'matope, ndipo ndinangozindikira ndaima pamaso pa atsikana aja nditavala jezi yokha. Manyazi ake, ndinalakalaka ng'onayo ikanangondimaliza. Mayi wina anandiponyera chitenje uku akulira ndi phwete. Msodzi wina anavuula kabudula wanga ndi nkhafi, m'katimo mukuphiriphitha kamlamba kosakwana ndiwo za anthu awiri. Apo n'kuti mpira ukulowera cha ku Mozambiki.

Chitsa ndinazula ndithu, manja onse matuza. Teremu yotsatira a pa chilumba anabwera kudzabwezera masewero, atanyamula mpira wachikopa, dzina la sukulu yathu likuonekabe. Ahedi anawathamangira manja ali m'mwamba, akuthokoza mwa chikwathu.

"Takhuta, takhuta, mwatibweretsera!"

Mphunzitsi uja anaukumbatira mpirawo. "Pepani bwana, unakodwa mu ukonde. Kwathu chokodwa mu ukonde ndi cha mwini ukonde. Tikubwerekani lero lokha, bola a Ng'ona asamenye."

Anatichinya ndi mpira wathu womwe, n'kubwerera nawo kwawo. Dzina lija linandikanirira, moti lero ngakhale adzukulu anga amati agogo a Ng'ona. Ndinalumbira kuti penate sindidzamenyanso, ndipo nkhani yodutsa pamwamba pa bango ndinawasiyira akakowa.