Ine, Apongozi ndi Mbuzi ya pa Damu

Mpaka lero ndikamva mbuzi ikulira ndimayamba ndagwira m'chiuno kuona ngati chovala chilipo. Ana anga amati ndi ukalamba, koma sadziwa zimene ndinaona ku damu la kwawo kwa mayi awo.

Nthawi imeneyo ndinali wozimitsa moto pa bwalo la ndege ku Chileka, ndipo abwana athu ankafuna kuti tizithamanga tsiku lililonse, ngakhale lopuma. Ndinali nditangokwatira kumene, ndili pa chikamwini kufupi ndi Lirangwe. Mtima wanga wonse unali pa chinthu chimodzi: andilole chitengwa, ndimutenge mkazi wanga tikakhale ku nyumba ya ntchito. Ankhoswe anapangana kukumana Lamulungu, koma aliyense ankadziwa kuti mawu omaliza ali ndi apongozi anga aakazi. Tsono apongoziwo anali atamva kale manong'onong'o akuti mkamwini wawo amathamanga popanda womuthamangitsa (kumudzi kuja munthu wamkulu akathamanga ndiye kuti waba, apo ayi mutu wayamba).

Ndiye ndinati ndifune njira yobisika. Mumsewu munalinso modzaza amayi okonzekera magule, poti mwini dziko anali pafupi kudzatera pa bwalo pathu. Loweruka m'mawa ndinavala kabudula wanga wa lasitiki yotopa, n'kulowera ku damu lakale limene mzungu wina wa fodya analisiya kuseri kwa mudzi.

Kanjira kake kanali kopapatiza, kozungulira damu lonse, mbali ino madzi, mbali inayo chitedze chokhachokha. Ndinasangalala zedi. Ndinati apa ndiye ndatola, palibe angandione.

Nditangokhota pa bango, awo apongozi! Ndowa pamutu, akubwera molunjika ine.

Achinyamata a lero mumadyera mbale imodzi ndi apongozi anu, simungamvetse. Ife sitinkaonana nawo maso ndi maso, sitinkalankhulana, ngakhale kudutsana panjira. Ukawaona unkapatuka. Koma pamenepo ndikanapatukira kuti? Ndinatembenuka n'kuliyatsa liwiro, poganiza kuti ndizungulire mbali inayo ndikatulukire kumbuyo kwawo. Osadziwa kuti nzeru yomweyo apongozi ali nayonso. Nawo anatembenuka, ndipo poti njira inali yozungulira, tinakakumananso kutsidya. Tinatembenukanso tonse. Tinakumananso, ulendo uno pa khoma la damu, pamene anamangirira mbuzi yawo. Mpweya unali utandithera. Ndinayang'ana chitedze, ndinayang'ana madzi, ndinasankha madzi. Chubwi!

Madzi anandifika pachifuwa, thope linandigwira mpaka m'mawondo. Pozula mwendo, lasitiki ija inaduka, kabudula anatsetsereka, ndipo ine mwini ndinamupondera m'thope. Ndinamufufuza ndi phazi mbali zonse koma osamupeza.

Apongozi, mwa ulemu wawo, anatula ndowa n'kukhala pansi atandifulatira, kudikira kuti ndidutse. Ine m'madzi ndikudikira kuti iwo adutse. Dzuwa linakwera. Misundu inandipeza (sindinena pamene inayambira).

Kenaka ndinamva apongozi akulankhula, koma osati ndi ine.

“Mbuzi iwe, tawauza akamwini kuti njira ndawasiyira.”

Ndinatsokomola. “Mbuzi, uwathokoze amayi. Uwauze kuti atsogole iwo, ine ndikusamba.”

“Mbuzi, tawafunsa, anthu a ku ndege amasamba atavala malaya ndi nsapato?”

Ndinafufuzanso kabudula ndi phazi, osamupeza. “Mbuzi, uwauze kuti... katundu wina watsalira pansi.”

Ndinangoona mapewa a apongozi akugwedezeka, mbuzi ikudya udzu ngati sikuimira anthu pa nkhani yaikulu.

Pomwepo tinamva nyimbo. Amayi a magule aja anali ataweruka, akubwera ku damu kudzasamba. Apongozi anamasula chitenje chapamwamba, n'kuchiponya chakumbuyo osacheuka, chinakodwa pa bango. Ndinachitenga n'kuchitambasula. Chinali cha chipani, nkhope ya mwini dziko ili pakati, ikundiyang'ana. Masiku amenewo ukaipaka thope nkhope imeneyo, kapena kuikhalira, unkakafotokoza kumalo kumene anthu sankabwerako msanga.

“Mbuzi,” ananong'ona apongozi, “uwauze nkhopeyo ikhale kutsogolo, ndipo isakhudze thope. Ndili ndi ana ine.”

Ndinavuuka nditachinyamula m'mwamba ndi manja awiri (zimene mbuzi inaona ndi zake), n'kuchimanga m'chiuno ndi nsonga za zala. Ndinachikokera patsogolo kuti chisandikhudze miyendo, n'kuyamba kuyenda ngati ndanyamula mazira.

Amayi aja ndinakumana nawo pa kanjira kopapatiza komweko. Anaima. Anayang'ana miyendo yanga ya thope, anayang'ana misundu, anayang'ana nkhope ya pachitenje. Kuseka ankafuna, ndinaona ndithu, koma ndani akanayamba kuseka munthu wovala nkhope imeneyo? Wotsogolera nyimbo anasowa chochita, anangoikweza nyimboyo. Wina analiza nthungululu. Basi, onse anatembenuka n'kundiperekeza mpaka m'mudzi akuimba ndi kuvina, apongozi akubwera chapatali ndi ndowa yopanda madzi. Mkazi wanga atationa anagwetsa lichero, nkhuku zikuthokoza.

Lamulungu ndinakhala pa mphasa nditawerama, ndikudziwa kuti chitengwa chapita ndi kabudula. Ndani angapereke mwana wake kwa munthu wotere? Ankhoswe anga atangoyamba kuzungulirazungulira ndi mawu, apongozi anawadula ali kuseri kwa chitseko.

“Amutenge. Ngati n'kotheka lero lomwe. Ulemu ali nawo, sindikana, koma ine miyendo yakalamba. Sindingathe kumazungulira damu m'mawa uliwonse.”

Ndinasangalala, ngakhale zinandiwawa pang'ono kuti sanandipatse mkazi chifukwa cha khalidwe langa, koma kuti ndiwachokere panjira.

Kuthamanga sindinasiye, kungoti ndimasankha njira yowongoka, yokhala ndi kopatukira, ndipo kabudula ndimamanga ndi chingwe. Tsiku losamuka, katundu ali kale pa ngolo, mkazi wanga anatuluka m'nyumba ya mayi ake akukoka mphatso imene anatipatsa. Inali mbuzi yomwe ija. Apongozi anati tipite nayo, kuti tikakhala ndi mawu tizituma munthu wodziwa kale nkhani zathu.