Tsiku limene foni inandisamutsira ku Mozambique

Nkhani iyi ana anga anandiletsa kuinena pagulu, ati imawachititsa manyazi. Ndiinena, chifukwa manyaziwo ndi anga, si awo.

Chaka chatha ndinakwera phiri cha ku Fort Lister kukadula nsungwi zokonzera nkhokwe. Ndili pamwamba, foni inalira m'thumba. Sukulu ndinalekeza Sitandade 3, koma mawu awiri mu mesejiyo ndinawazindikira. Oti "Welcome" ndimawaona pa geti la tchalitchi. Enawo anali "Mozambique."

Ndinakhala pamwala. Boma linatijambula nkhope, linatidinditsa zala, linalemba manambala athu a foni mu kompyuta. Ine ndinkanena kuti zimenezi zidzatigwira tsiku lina, anthu n'kumati nkhalamba yayambapo. Si izi tsopano? Andichotsa m'Malawi ndili moyo, sabata yomwe akutsimikiza maina a olandira feteleza wotsika mtengo.

Wondipereka ndinkamudziwa. Mulipa, amene ndinayandikana naye munda, yemwe amasuntha malire phazi limodzi chaka chilichonse. Tikakangana amati, "Agogo anu anabwera ndi mtolo pamutu kuchokera kutsidya." Ngati kuti ake anatsika ndi ndege.

Nsungwi ndinazisiya komweko. Nditafika kunyumba ndinauza mayi a ana kuti amange zovala.

"Tikupita kuti?"

"Boma latisamutsa."

"Latisamutsa kapena lakusamutsani? Yangayi sinalire."

Zaka makumi anayi tili limodzi, yankho lake n'kukhala limenelo.

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi ndinamuimitsa Mulipa pamaso pa mpingo wonse.

"Iwe Yudasi, wandigulitsa ku kompyuta!"

"A Namakhwa, kompyutayo ndingaiyambire pati? Ngakhale wailesi amanditsegulira ndi akazi anga."

"Tikaonana mawa ku ofesi ya zaulimi."

Lolemba ndinavala jekete lopitira ku maukwati. Ndinanyamula chitupa cha unzika, khadi la ubatizo ndi chithunzi cha malemu bambo anga. Mulipa ananditsatira kudzaonerera, ndipo anabwera ndi anthu okwana kuyendetsa maliro.

Mu ofesi munali mlangizi, mayi wochokera ku Rumphi. Sindinadikire moni.

"Mayi, mchombo wanga uli pansi pa mtengo wa mango ku Mkhumba. Msewu mwadzera uwu ndinalambula nawo ndi khasu langa, popanda wondithokoza. Lero mwandipereka ku dziko lina osandifunsa n'komwe?"

Anatenga foni, n'kuwerenga.

"Bambo, meseji iyi inakupezani muli kuti?"

"Kuphiri."

Anabisa pakamwa ndi faelo, koma mapewa ankagwedezeka.

"Pamwamba paja foni imakoka netiweki ya kutsidya. Mukatsika imabwerera yokha. Yanganso imatero. Ngakhale ya abwana athu."

"Ndiye palibe amene wandisamutsa?"

"Palibe, bambo. Ndi moni chabe."

Panja panaphulika phwete. Mulipa anaseka mpaka kutsamwa, wina n'kumamumenya pamsana. Ine thukuta linali kuyenderera m'jekete, chithunzi cha bambo chili m'manja ngati ndabwera kudzachigulitsa.

Koma ine sindichoka pamalo chimanjamanja.

"Tsegulani kompyutayo ndidzionere ndekha."

Mayi uja anatayipa. Nkhope yanga inatulukira, makutu onse awiri, dzina, mudzi.

"Muli bwinobwino, a Namakhwa. Feteleza wanu mulandira."

Apa Mulipa akanangopita kwawo. Koma kuseka kunamukoma. Analowa akupukuta misozi, n'kuponya chitupa chake patebulo.

"Onaninso changa, mayi, akuluwa aone Mmalawi weniweni."

Mayi anatayipa. Anatayipanso. Kenako anatembenuza chitupacho n'kuyang'ana kumbuyo.

"A Mulipa, chitupa chanu chinatha ntchito kalekale. Kompyuta ikukukanani. Mpaka mukakonzetse kuboma, dzina lanu silituluka."

Ngakhale a panja aja anasiya kuseka.

Ndinaimirira pang'onopang'ono, ndinamanga mabatani onse a jekete, n'kumugwira Mulipa dzanja mwaulemu ngati mlendo wochokera kutali.

"Welcome to Mozambique, achimwene."

Mpaka lero m'mudzi amanditcha Kazembe, ndipo mayi a ana akandituma kumsika amafunsa ngati ndatenga pasipoti. Asekeni. Ine ndinathira feteleza mvula yoyamba, Mulipa ali pa mzere kuboma.

Kompyuta ndimadana nayobe, koma tsiku limene yaluma mdani wako imaoneka yanzeru ndithu.