Tsiku Limene Ndinaluma Wawa ku La Paz

Dzino langa lakutsogolo ndi lobenthuka, ndipo anthu akandifunsa ndimati ndinagwa panjinga ku Namadzi. Bodza limeneli landisunga zaka zambiri. Zoona zake n'zakuti linabenthukira kutali, mumzinda wa La Paz ku Bolivia, pamaso pa azimayi ogulitsa buledi, ndipo chinandipachika ndi ulemu womwe ndinaphunzitsidwa kwathu.

M'zaka za m'ma 1980 ndinali mlangizi wa zaulimi ku Ndunde, ndipo ntchito yanga yaikulu inali ya nyemba. Akuluakulu anandisankha kuti ndikachite maphunziro ku Amereka wa kum'mwera, kwawo kwa nyembazo. Ulendo utayandikira, akazi anga a Esitere anachira mwana wathu woyamba, koma mwanayo sanalire. Ine tsikulo ndinali kumsonkhano kuboma. Pobwera ndinapeza azimayi akuluakulu atakamuika kale monga mwa mwambo wa mtayo: popanda mwamuna, popanda nyimbo, popanda kulira. Azakhali awo a Esitere anandikokera pambali n'kunena kuti, "Madzi akatayika saoleka, bambo. Musamawakumbutse anzanuwa." Ndinamvera. M'nyumba tinkakamba za mvula ndi za sopo basi, ndipo tsiku lonyamuka a Esitere anandisitira malaya osatulutsa mawu. Kunena zoona, ndegeyo ndinakwera mothawa, ndipo ndinkadziwa kuti ndikabwerera ndikapeza chete yemweyo akundidikira pakhomo.

Maphunziro atatha tinapatsidwa tchuthi, ndiye mnzanga wa m'kalasi, Mateyo, anati ndikaone kwawo ndisanabwerere. Anandichenjeza kuti La Paz ndi pamwamba kwambiri, mpweya ndi woperewera. Ndinamuseka. Ine wobadwira m'tsinde mwa phiri la Chiradzulu, amene ndinkalikwera mothamanga ndisanadye kanthu (apa ndinathirako kamchere), munthu andiuze za phiri?

Nditangotsika ndege ndinamva ngati wina wandikhala pachifuwa. Chikwama changa chomwe anandinyamulira amayi ake a Mateyo, nkhalamba yondilekeza m'khwapa. Mzindawo uli m'chidzenje chachikulu, nyumba za njerwa zosapaka zitakwera m'mbali monse mpaka pamwamba, kuseri kwake kuli phiri loyera mbee. Olemera amakhala kunsi, osauka kumtunda, ndipo kwa a Mateyo kunali kumtunda kwenikweni. Dzuwa limakuwotcha pamphumi msana ukuzizidwa. Nyemba kumeneko zimabwata m'mawa wonse osapsa, zomwe zinandinyoza ine katswiri wake. Azimayi amavala masiketi otambalala ndi tizipewa tozungulira tongokhazika pamwamba pa mutu, ndipo ana amabereka kumsana ndi nsalu zamawangamawanga, ndendende kwathu. Anawo ndinkawalambalala ndi maso.

Tsiku lina Mateyo anapita kukaona abale ake n'kundiuza kuti ndigone, ndizimwa tiyi wa masamba amene amayi ake ankandiphikira. Koma mlendo wochokera kutali sangakafotokoze kwawo za denga la chipinda. Ndinavala jekete n'kutsetserekera kumsika. Kutsika kunali kokoma. Pobwerera m'pamene mzindawo unandionetsa chomwe chinameta nkhanga mpala. Miyendo inakana, mutu unkagunda ngati akusinjiramo, kamphepo kozizira kankanditulutsa misozi. Ndinangoti khwatha pakhonde la sitolo, pafupi ndi mayi wina wonenepa wogulitsa buledi.

Mayiyo anandiyang'ana. Ine poona kuti ndakhala pamalo pa eni ake, ndinawomba m'manja mwaulemu, monga mwamuna aliyense woleredwa bwino.

"Wawa, amayi. Wawa."

"Wawa?" anatero mayiyo, atatukula nsidze.

Mtima wanga unagwa pansi ndi chimwemwe. Kutali konseku, anthu akudziwa moni wakwathu! (Ndinayamba kale kukonza zokauza anzanga kuofesi, zoti anthu a kumeneko ndi abale athu otayika.) Ndinabwereza mwamphamvu, "Wawa, wawa."

Mayiyo anapinda manja pachifuwa n'kuwagwedeza uku ndi uku. Ndinati akufunsa ngati chifuwa chikundipweteka, ndiye ndinagwedeza mutu, n'kugwira pamtima, misozi ili chuchuchu. Kenako anatambasula zikhatho ngati wofunsa kuti kuti. Ndinati akufunsa kumene ndikukhala, ndiye ndinaloza kwa a Mateyo. Tsoka ilo, kwa a Mateyo ukamaloza uli kumsika, chala chimaloza kumwamba.

Mayiyo anagwira pakamwa, n'kudzilemba mtanda. Anaitana anzake. Posakhalitsa ndinazunguliridwa ndi masiketi, wina akundisisita paphewa, wina akupukuta m'maso, ndipo ine aliyense ndinkamuthokoza ndi wawa wake. Mayi woyamba uja anasankha buledi wamkulu pamulu wake n'kundiika m'manja mosamala. Anali wowumbidwa ngati khanda lokulungidwa m'nsalu, ndipo kumutu kwake anamatako kankhope koyera kojambulidwa maso ndi masaya ofiira. Ndinapisa m'thumba kuti ndilipire, iye anakana.

Njala inali itandigwira, komanso kwathu chakudya chopatsidwa sungochiyang'ana. Kankhopeko ndinakayesa ka shuga. Ndinatsegula kukamwa n'kuluma mutu wonse.

Kanali ka dothi louma gwa. Ndinamva dzino likuti thyo, ndipo msika unangoti zii. Mayi wina anatembenuzira mwana wake kukhoma. Ine ndinakhala pomwepo, nkhope ya khanda ili m'kamwa, osadziwa kuti ndimeze kapena ndilavule.

Mateyo anandipeza ndili choncho, atandifunafuna m'misewu (kufunsa za mlendo wakuda wa jekete lalikulu sikunali kovuta). Azimayiwo anamufotokozera onse nthawi imodzi, iye n'kuyamba kuseka mpaka kugwira khoma.

"Achimwene," anatero, poti mawu amenewo ndinamuphunzitsa ndine, "mwawauza chiyani amayiwa?"

"Ndangowapatsa moni. Ndati wawa."

"Kuno wawa ndi khanda. Mwakhala mukulira, mukuti khanda, khanda, n'kuloza kumwamba."

Anandiuza kuti mawa lake linali tsiku lolandira akufa. Banja lililonse limayala tebulo, n'kuikapo zakudya ndi buledi woteroyo m'malo mwa womwalira, ndipo sadyedwa mpaka mizimu itacheza n'kutsanzika. Azimayiwo anandipatsa kuti ndikaikire mwana wanga.

"Ndiye inu mwamuluma mutu," anatero Mateyo akupukuta misozi ya phwete. "Dikirani ndiwauze kuti alakwitsa, mulibe mwana womwalira."

"Musawauze zimenezo," ndinatero.

Anandiyang'ana, kuseka kuja n'kuthera pomwepo. Miyezi yonse ija tinkagona chipinda chimodzi, koma ndinali ndisanamuuzepo. Ndinamuuza pakhonde la sitolo lija, mlomo ukutuluka magazi, ndipo aka kanali koyamba kutchula mwanayo ndi pakamwa panga.

Masana a tsiku lotsatira amayi ake a Mateyo anaika buledi wanga wolumidwayo patebulo, pafupi ndi wa malemu amuna awo. Anandifunsa kudzera mwa mwana wawo kuti dzina la mwanayo ndani, kuti amutchule popemphera. Ndinati analibe. Anafunsanso kuti anali wamwamuna kapena wamkazi, kuti amatepo kankhope koyenera m'malo mwa kamene ndinaswa. Ndinayang'ana pansi. Manyazi a kumsika aja anali ochepa poyerekeza ndi amenewa. Gogoyo anangotenga kansalu koyera n'kuphimba pamene ndinalumapo. Ndinalira ngati mwana, ndipo panalibe wondiletsa.

Nditafika ku Ndunde ndinapeza a Esitere akusankha nyemba pakhonde. Anandilonjera, n'kundiyang'ana pakamwa.

"Nanga dzinolo, abambo, mwalisiya kwa azungu?"

Ndikanatha kuyamba pomwepo bodza la njinga. Koma ndinakhala pamphasa n'kuwafotokozera zonse, kuyambira pa wawa mpaka pa kankhope kadothi. Anaseka mpaka lichero linapendekeka, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chichitikire zija.

"Safunsa anadya phula," anatero.

Kenako ndinafika pa mafunso a gogo uja. Anasiya kuseka, n'kuyamba kutola nyemba zomwe zinagwa, imodziimodzi.

"Anali wamkazi," anatero osadzutsa mutu. "Anali ndi tsitsi lambiri. Ndinkadikira kuti mundifunse."

Ndikanakonda kunena kuti kuyambira pamenepo ndinasanduka munthu wofunsa, koma a Esitere angakuuzeni zina. Chimene ndinachita n'chakuti m'mawa mwake ndinawapempha kuti akandionetse pamene mwana wathu anagona, mwambo ulole usalole. Tinapita awiriwiri kumapeto kwenikweni kwa manda, kumene kulibe mitanda. Mvula yoyamba inali itagwa kale ndipo udzu unali utamera ponseponse. A Esitere anayenda uku, anabwerera uku, akukankha udzu ndi phazi, koma malo enieniwo sanawapeze.